Nyimbo Imodzi, Pakamwa Pambiri

Nkhani yokambidwa kwa atsogoleri a magule, aphunzitsi ndi oyang'anira makwaya m'dera la Kapondo, m'boma la Mchinji

 Mwandipempha kuti ndikambe za mkangano umene umabuka nthawi zonse gulu likamakonzekera mpikisano kapena mwambo waukulu. Nyimbo ndi imodzi, aliyense akuidziwa, koma pakamwa pakutuluka zosiyana. Wa kuno akuti mawu ake ndi awa. Wochokera ku Mkanda akuti ayi, mwalumpha mzere. Mkamwini wa kutsidya kwa Mpezeni akuti nonse mwaipha, kwawo imayambira pamwamba. Dzuwa limalowa nyimbo isanaphunziridwe, anthu atakwiyitsana, ndipo funso limene limatsala m'bwalo ndi lakuti, "Yeniyeni ndi iti?" Ine funso limeneli sindigwirizana nalo. Ndiyamba ndi anthu akutali amene analifunsa zaka zoposa 200 zapitazo, yankho lake nkuwabweretsera mavuto amene akulimbana nawo mpaka lero.

Ena mwa inu munaona pa kanema maliro a Mfumukazi Elizabeth mu Seputembala 2022. Chakumapeto kwa mwambo kunamveka chida cholira mosalekeza, woyimba wake akuyenda pang'onopang'ono mpaka mawu anazilala. Chida chimenecho ndi bagpipe ya ku Scotland, kwawo kwa amishoni amene anatsegula Livingstonia mu 1875 ndi Blantyre mu 1876. Ndi thumba, kale la chikopa cha nkhosa, limene woyimba amalipana m'khwapa. Amauziramo mpweya ndi kampope, nkumalifinya ndi mkono kuti mpweyawo uzituluka mofanana ngakhale iye akupuma. Paphewa pamatsamira zitoliro zitatu zimene zimangolira liwu limodzi osasintha. Chitoliro chachinayi chimaloza pansi, chili ndi mabowo a zala, ndipo chimatulutsa manoti asanu ndi anayi basi.

Tsono taganizirani woyimba amene sangathe kukweza mawu kapena kuwatsitsa, sangathe kukhala chete pakati pa nyimbo, ndipo ali ndi manoti asanu ndi anayi okha. Luso lake lonse latsalira pa zinthu ziwiri: kuti noti iyi aigwira nthawi yaitali bwanji, ndi timanoti tothamanga timene amatiponya pakati pa manoti akuluakulu kuti awalekanitse. N'chifukwa chake anthu amenewa amatha kukangana chaka chathunthu pa noti imodzi. Kwa mlendo zimamveka ngati nyimbo yomweyo. Kwa eni ake, kuchedwa pang'ono pa noti yachitatu kumaulula amene anakuphunzitsa.

Nyimbo zawo zolemekezeka kwambiri amazitcha piobaireachd. Zambiri ndi za maliro, zotamanda mafumu, kapena zoitanira anthu pamodzi. Nyimbo imayamba ndi chuni chodekha, kenaka chuni chomwecho chimabwerezedwa kangapo, ulendo uliwonse zala zikuwonjezera zokometsera zovuta kuposa poyamba, mpaka kubwerera poyambira. Imodzi imatha kutenga mphindi khumi kapena kuposerapo. Mabanja ena, monga a MacCrimmon a pa chilumba cha Skye amene ankayimbira mafumu a MacLeod, anatchuka pophunzitsa nyimbozi. Ndipo sankaphunzitsa ndi pepala. Mphunzitsi ankayimba nyimboyo pakamwa, ndi timawu topanda tanthauzo timene kalikonse kankaimira noti ndi kagwiridwe ka zala. Njira imeneyi amaitcha canntaireachd. Oyimba ng'oma muli pano mwaizindikira kale, chifukwa ndi mmene mkulu amaphunzitsira mnyamata mbalule: amayamba wailiza pakamwa, mnyamatayo nkuibwereza pakamwa, manja amabwera pambuyo.

Zinthu zinasintha pamene mipikisano inayamba. Mu 1781 bungwe la Highland Society of London linachititsa mpikisano woyamba m'tauni ya Falkirk, ndipo akuluakulu a bungweli anayamba kulimbikitsa kuti nyimbozi zilembedwe m'manoti a Chizungu. Donald MacDonald anasindikiza buku lake cha m'ma 1820. Angus MacKay anasindikiza lake mu 1838, ndipo mu 1843 anakhala woyimbira Mfumukazi Victoria. Mabuku awiriwa ali ndi nyimbo zina zofanana maina, koma mukawayika pamodzi amasiyana: pena kalembedwe ka zokometsera, pena kutalika kwa manoti, pena gawo lathunthu. Palibe mwa awiriwa amene ananama. Aliyense analemba zimene anamva kwa omwe anamuphunzitsa. Koma buku la munthu wa kunyumba yachifumu linalemera mphamvu, ndipo pang'onopang'ono kayimbidwe ka MacDonald kanayamba kumveka ngati kolakwika. Panalinso mipukutu ina imene Colin Campbell analemba kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 m'timawu tapakamwa tija. Imeneyo inagona m'nyumba mwa achibale ake mpaka inatulukiranso mu 1909.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 kunabadwa bungwe la Piobaireachd Society. Cholinga chake chinali chabwino, kuti nyimbo zisafe. Kuyambira mu 1925 linayamba kutulutsa mabuku amene mkonzi wake wamkulu anali Archibald Campbell, munthu amene ntchito yake yeniyeni inali yoweruza milandu ku India. Mu 1948 anatulutsanso buku lake lotchedwa Kilberry Book of Ceol Mor. Bungweli linkasankha nyimbo zoti ziyimbidwe pa mipikisano ikuluikulu ya ku Inverness ndi ku Oban, ndipo oweruza, amene ambiri anali anthu achuma okonda nyimbo osati akatswiri oyimba, ankakhala ndi buku pamiyendo nkumatsatira ndi chala. Woyimba amene wasiyana ndi buku ankaluza, ngakhale atayimba ndendende mmene agogo ake ankayimbira. Munthu wofuna mendulo anaphunzira msanga kuyimba za m'buku pa mpikisano, za kwawo nkuzisiya kunyumba, ndipo mwana wake sanazimvenso. William Donaldson anafotokoza mbiri imeneyi m'buku lake la mu 2000, ndipo sanawanyengerere akuluakulu a bungwe aja. Katswiri wina woyimba, Allan MacDonald, pa kafukufuku wake wa mu 1995 ku yunivesite ya Edinburgh, anachita kubwerera ku nyimbo zapakamwa za chilankhulo cha Gaelic kuti apeze kayendedwe kamene manoti a papepala anataya. Lero bungwe lomwe lija linayika zolembedwa zakale pa intaneti, ndipo woyimba amaloledwa kusankha kayimbidwe kena kodziwika gwero lake. Koma zimene zinangokhala m'makutu mwa anthu, osalembedwa ndi wina aliyense, zinapita ndi eni ake.

Mwina wina akuti, ife tilibe buku lotere, ndiye tiope chiyani? Buku tili nalo, kungoti si la pepala. MBC itayamba kuwulutsa mawu mu 1964, gulu limene lajambulidwa ndi limene dziko lonse linkamva, ndipo kayimbidwe kake kankasanduka muyezo. Amayi akuluakulu muli pano mukukumbukiranso za nthawi ya Kamuzu, pamene nyimbo za chimtali ndi magule ena zinkachotsedwa mawu ake nkuikidwa mawu otamanda Ngwazi. Chuni chinatsala, koma pali nyimbo zimene achinyamata a lero amaziyesa za ndale chibadwire, osadziwa kuti pansi pake panali mawu ena onena za mpongozi, za njala kapena za mwamuna wosabwerako ku Joni. Masiku ano buku lathu ndi memore khadi ya mufoni. Gulu limodzi la ku Lilongwe likajambula vidiyo yooneka bwino, pakatha miyezi ingapo ana asukulu a kuno akuvina ngati iwo, ndipo agogo awo akawakonza amayankhidwa kuti, "Si mmene ilili pa foni."

Kusiyana kwa mayimbidwe kuno ku Mchinji kuli ndi zifukwa zake, ndipo zifukwazo ndi mbiri yathu. Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi mu Novembala 1835, tsiku limene kadamsana anaphimba dzuwa. Atamwalira Zwangendaba anagawikana. A M'mbelwa anakakhazikika ku Mzimba pakati pa Atumbuka, a Mpezeni anadzakhala kuno pakati pa Ansenga ndi Achewa, ndipo a Maseko, amene anayenda njira yawoyawo, anakhala ku Dedza ndi Ntcheu. Mu Januwale 1898 asilikali a Angerezi anagonjetsa Mpezeni, mwana wake Nsingo nkuphedwa. Malire anadutsa pakati pa anthu amodzi, uko kukhala Fort Jameson imene lero ndi Chipata, kuno Fort Manning imene lero ndi Mchinji. Nyimbo ya ingoma imene inachoka kumwera ili imodzi inalowa m'kamwa mwa amayi olankhula Chinsenga, ena Chitumbuka, ena Chichewa, ndipo ana anaiyamwira kwa amayi awowo. Mukaimva ku Nc'wala ku Mtenguleni mu Febuluwale, nkukaimvanso ku Umthetho ku Hora mu Ogasiti, kenaka kwa Zulu kapena kwa Mlonyeni kuno kwathu, mudzaizindikira kuti ndi yomweyo, koma simudzatha kuiyimba pamodzi ndi onsewo osapunthwa.

Onjezanipo chikamwini, chimene chimasamutsa mwamuna ndi nyimbo za kwawo, ndi chitengwa chimene chimachita chimodzimodzi ndi mkazi. Onjezanipo matenanti a m'maesiteti a fodya amene anabwera kuchokera ku Mulanje, Thyolo ndi Mangochi, ndi abambo amene anabwerako ku Wenela ndi ku Salisbury. Mudzi uliwonse kuno uli ndi makutu ochokera kosiyanasiyana.

Komabe pa tsiku la mwambo gulu liyenera kuyimba chinthu chimodzi. Anthu makumi atatu sangalowe m'bwalo aliyense ndi yake. Kusankha kulipo ndithu, ndipo sindikuletsa. Chimene ndikupempha ndi chakuti musankhe mutamva, ndipo mudziwe chimene mwasiya.

Kumva kumene ndikunena si kwa munthu atakhala pampando nkukuyimbirani mizere iwiri. Nyimbo ya gule imamveka ndi mapazi. Muwapemphe amayi a mudzi uwu aimirire, awombe m'manja, avine nyimboyo mpaka itatentha. Tsiku lina achite chimodzimodzi a mudzi winawo, paokha, kuti asatengerane. Mukatero mudzapeza kuti kusiyana kwenikweni nthawi zambiri sikuli pa mawu amene anthu amakanganirana aja. Kuli pa malo amene ovomera amalowera. M'mudzi wina ovomera amadikira woyambitsa amalize mzere wake, pamakhala kampata ka mpweya umodzi, kenaka onse nkugwera pamodzi. M'mudzi wina amamulanda mawu akadali m'kamwa, mzere wake ndi wawo nkupingasana, moti nyimbo imazungulira yopanda msoko. Kayimbidwe koyamba kamapatsa wovina nthawi yotembenuka. Kachiwiri kamamukankha, ndipo phazi limene limagunda pansi mwamphamvu limagwera pa liwu lina. Mukatenga mawu a mudzi woyamba nkuwaika pa sitepe ya mudzi wachiwiri, ovina adzakuuzani kuti nyimbo ikutsimphina, ngakhale sangathe kuloza pamene yathyoka.

Mawu nawonso amakoka chuni. Chichewa chili ndi kukwera ndi kutsika kwake polankhula, Chinsenga chili ndi kwake, ndipo woyimba wabwino sakakamiza liwu kukwera pamene pakamwa pazolowera kulitsitsa. Choncho mzere ukasintha chilankhulo, kapena dzina la mudzi likalowa m'malo mwa lina lalitali, chuni chimapindika pang'ono kuti chiwalandire. Munthu amene akuti anzathu a kutsidya amaikhotetsa nthawi zambiri akungomva Chinsenga chikugwira ntchito yake.

Chida chimene muli nacho chimasankhanso. Tengani badza la mganda. Mnyamata amasankha chiguba chouma cha khosi lalitali, amachiboola kumapeto, nkuboolanso kabowo kena m'mbali koyikapo milomo. Pa bowo la kukhosi amamatapo kachikopa kopyapyala. Akale ankatenga kansalu koyera kamene kangaude amaphimbira mazira ake pakhoma, a lero ambiri amadula kapulasitiki ka jumbo. Sawuzira ngati lipenga la asilikali ayi. Amayimbiramo ndi mawu ake, kachikopa kaja nkumanjenjemera, chiguba nkukuza phokosolo. Akakamata molimba kwambiri badza limalira mouma, kakakhala kolobodoka limangopuma mpweya, ndiye mumamuona akukanyowetsa ndi malovu, kukakoka ndi chala chachikulu, kuyesa, kukokanso. Mabadza ang'ono amatenga mawu apamwamba, akuluakulu apansi. Tsono gulu limene lili ndi mabadza akuluakulu awiri okha silingayimbe bwino kayimbidwe ka gulu limene lili nawo asanu ndi atatu, chifukwa kayimbidwe kameneko kanamangidwa pa kulemera kwa mawu apansi. Komanso mu badza mawu a nyimbo samveka, chimamveka ndi chuni chokha, ngati mmene zilili ndi bagpipe ija. Kayimbidwe kamene kukoma kwake kuli pa mawu oseketsa kamafa kakalowa m'chiguba, pamene kena kooneka wamba pakamwa kamadzuka. Terence Ranger, m'buku lake la mu 1975 lonena za beni, anaonetsa kuti magule a mtundu uwu anatengera perete ndi mabandi a asilikali, ndipo kupikisana pakati pa midzi kunali m'magazi mwawo kuyambira pachiyambi. Mudzi unkanyadira kuti nyimbo yake siyifanana ndi ya oyandikana nawo.

Abale athu Anyungwe a ku Tete ali ndi chitsanzo choposa apa. Pa gule wawo wa nyanga, amene Andrew Tracey anamufotokoza mu 1971, munthu aliyense amagwira timabango tochepa tomangidwa pamodzi, nkumaponya manoti ake m'mipata imene anzake asiya, uku akuyimba ndi pakamwa, uku akuvina mozungulira. Palibe munthu mmodzi amene ali ndi nyimbo yonse. Akajomba anthu atatu, nyimbo ya tsiku limenelo ndi ina. Kumeneko funso lakuti yeniyeni ndi iti lilibe ndi poyambira pomwe.

Ndikhalitse pang'ono pa ingoma, chifukwa pamenepa ndi pamene ndimaona anthu ophunzira akulakwitsa ndi mtima wabwino. Mawu ambiri a nyimbo za ingoma ndi a Chingoni chakale chimene oyimba ambiri sachilankhulanso. Margaret Read, amene anakhala pakati pa Angoni m'zaka za m'ma 1930 nasindikiza zina mwa nyimbo zawo mu 1937, anapeza kale chilankhulochi chikuchepa mphamvu. Ndiye lero mnyamata amapita ku Durban kapena ku Johannesburg, amaphunzira Chizulu, akabwera nkuyamba kukonza agogo ake: liwu ili simukulitchula bwino, liyenera kukhala lakuti. Nthawi zina amalondola, ndipo tanthauzo limene linatayika limatulukira. Koma Angoni anachoka kumwera cha m'ma 1820, ndipo m'njira anatola Aswazi, Atonga, Akaranga ndi ena ambiri. Chizulu cha m'tauni lero si chimene ankalankhula a Zwangendaba. Liwu limene mnyamatayo akuliyesa lopindika likhoza kukhala lakale kuposa limene iye wabwera nalo, kapena la mtundu wina umene unalowa m'gulu pa ulendo. Langizo langa ndi lakuti mulembe zimene nkhalamba ikutchula monga momwe ikutchulira, ndipo zimene mukuganiza kuti ndiwo mawu oyambirira muzilembe pambali pake, osafufuta zoyambazo. Pa bwalo muyimbe za nkhalambayo, chifukwa ndi zimene zimagwirizana ndi kugunda kwa phazi ndi kuwomba m'manja kwa amayi, ndipo pa ingoma zimenezo ndizo ng'oma zake.

Za zojambulidwa zakale ndinena mwachidule. Hugh Tracey anayenda m'dziko muno ndi makina ojambulira mawu mu 1950, 1957 ndi 1958, ndipo zimene anajambula zikusungidwa ku International Library of African Music, imene anaikhazikitsa mu 1954 ndipo tsopano ili pa yunivesite ya Rhodes ku South Africa. Gerhard Kubik ndi Moya Aliya Malamusi anajambulanso zambiri m'zaka zotsatira. Ndi chuma chachikulu, ndipo amene angathe kuzipeza azimvetsere. Koma chojambulidwa cha mu 1958 ndi mmene gulu limodzi linayimbira tsiku limodzi, masana, pamaso pa mlendo ndi makina ake, kwa mphindi zochepa. Mudzi woyandikana nawo unkayimba mwina tsiku lomwelo, kungoti galimoto sinafikeko.

Pali nyimbo zina zimene komiti ya sukulu kapena ya mpikisano ilibe mphamvu yosankhapo. Za kudambwe sindilowamo, eni ake ali pano ndipo akudziwa chifukwa chake. Ndingonena zimene aliyense amaona pabwalo. Gule wamkulu analengezedwa ndi UNESCO mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, Malawi, Zambia ndi Mozambique pamodzi, ndipo chiyambire pamenepo amaitanidwa kawirikawiri ku misonkhano ndi zisangalalo. Ku Kulamba, ku Mkaika m'boma la Katete, magulu amachuluka moti lililonse limangopatsidwa kanthawi kochepa pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Kayimbidwe kachidule kameneko n'koyenera malo amenewo. Vuto limabwera anyamata akabwerako nkuyamba kuyimba mwachidule momwemo pa maliro kapena pa chinamwali, pamene nyimbo imafunika kutambasuka, woyimba mbalule akutsatira mapazi a chilombo osati wotchi. Bambo Claude Boucher, amene anatsegula Kungoni ku Mua mu 1976, anatha zaka zambiri akulemba nyimbo za gule, ndipo ntchito yawo imaonetsa kuti chilombo chimodzi chimatha kukhala ndi nyimbo zosiyana malinga ndi dera ndi nyengo. Pa nyimbo zotere funsani mfumu ya mzinda ndi anamkungwi, ndipo akakuuzani kuti iyi si yotuluka nayo, nkhani yathera pomwepo.

A makwaya, inunso muli m'nkhani yomweyi. Munthu wa ku Scotland komweko, Donald Fraser, amene anafika kuno mu 1896 nadzakhala ku Loudon, ku Embangweni, ankachititsa mipikisano yopeka nyimbo za Mulungu, ndipo Angoni monga Mawelera Tembo ndi Peter Thole anatenga machuni a kwawo nkuwaveka mawu achikhristu. Zina mwa nyimbo zimenezo zikuyimbidwabe m'mipingo. Koma chuni cha kumudzi chikalembedwa mu solofa, do re mi uja, nkugawidwa kwa sopulano, alito, tenala ndi besi, pali zimene zimatsalira panja. Kutsetsereka kwa liwu kumene mayi wachikulire amachita potsika kumapeto kwa mzere kulibe chizindikiro chake mu solofa, ndipo kiyibodi imakokera noti iliyonse pa malo ake a Chizungu. Oyimba bagpipe amalidziwa vuto limeneli, chifukwa manoti a chitoliro chawo sagwera ndendende pa manoti a piyano, ndipo pepala lawo limangolemba moyandikira. Mphunzitsi wa kwaya amene ali ndi pepala m'manja aziyamba wamvetsera amayi a Chigwirizano kapena a m'mphakati akuyimba nyimboyo pa maliro usiku, popanda kiyibodi, asanagamule kuti iwo ndi amene akuphonya.

Nanga kusakaniza? Kutenga chiyambi cha uku, kavomeredwe ka uko, mathero a kwina? Ku Scotland amakangana nazo mpaka lero. Ine ndimati n'kololedwa, chifukwa mayimbidwe onse amene tikuwatcha akalewa anabadwa motero, wina atamva za mlendo nkuzilumikiza ndi za kwawo. Choletsedwa ndi bodza, kusakaniza nkumauza ana kuti umu ndi mmene makolo ankayimbira. Alimi a mtedza muli pano mukudziwa kuti munthu atha kulima CG7 chifukwa ndi amene ali ndi msika, koma wanzeru amasungako chalimbana m'nkhokwe yakeyake, osaphatikiza, kuti tsiku limene adzamufune adzapeze mbewu yosasokonezeka. Gulu lanu likhoza kukhala ndi kayimbidwe ka pa mpikisano, kofupika ndi kokonzedwa bwino, koma pakhale anthu angapo m'gululo amene angathe kuyimba kayimbidwe ka mudzi uliwonse pakokha, kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Kwa inu amene mumaitanidwa kukaweruza mipikisano ya m'sukulu ndi m'mipingo, mphamvu imene anali nayo anthu a buku pamiyendo aja ili m'manja mwanu. Mukachotsera gulu mapointi chifukwa silinayimbe mmene inu munazolowerera kwanu, chaka chamawa magulu onse a m'zoni adzayimba mmene mumafunira, ndipo pakatha zaka zisanu kayimbidwe kenako kadzakhala katatha. Gulu lisanayambe, mtsogoleri wake anene kuti nyimboyi taitenga m'mudzi wakuti, anatiphunzitsa ndi akuti, imayimbidwa pa mwambo wakuti, ndipo ngati tasinthamo, tasintha apa. Ndiye muweruze ngati achita bwino chimene alonjezacho: ngati ovomera akulowa pamodzi, ngati ng'oma zawambidwa pamoto mokwanira ndipo mpanje sukuthamangitsa ovina, ngati mawu akumveka, ngati phazi ndi nyimbo zikugwirizana. Gulu limene silingathe kunena kumene latenga nyimbo yake ndi limene liyenera kutaya mapointi.

Chotsala ndi ntchito ya achinyamata muli ndi mafoni. Mukapita kukajambula agogo, muyambe mwapempha chilolezo chawo ndi cha amfumu, ndipo muwauze kumene mawu awowo akapite. Musanayambe nyimbo, lankhulani mufoni momwemo tsiku, mudzi, dzina la woyimba ngati walola, amene anamuphunzitsa ndi kumene ameneyo anachokera. Jambulani nyimbo yonse, ngakhale ikubwerezabwereza, chifukwa zosintha zambiri zimabwera ulendo wachisanu kapena wachisanu ndi chimodzi, woyambitsa akatenthedwa. Foni isayandikire ng'oma kwambiri, imameza mawu a anthu. Agogo awiri akasiyana, musawakhazike pamodzi kuti agwirizane, ajambuleni aliyense payekha ndipo mafayilo awiriwo muwapatse maina osiyana. Memore khadi imafa, foni imabedwa, choncho zimene mwajambula zikhale malo osachepera awiri, kwina kwa aphunzitsi aakulu pa sukulu, kwina kwa mlembi wa amfumu, ndi kope limene mwalembamo mawu a nyimbo iliyonse. Ndaona kuti amayi a chimtali akonzeka kale kunjaku, ndipo ndamva kuti ndi a midzi iwiri. Ndipempha kuti alowe mudzi umodziumodzi.